Mmene mungathere tsiku lathunthu mukuyenda wapansi m'tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje

Tauni imene ili m'mbali mwa mtsinje sinamangidwe pamalopo mwangozi. Anthu oyamba anakhazikika pamenepo chifukwa madzi anali osaya moti ankatha kuwoloka ndi ziweto zawo, kapena chifukwa mabwato ankakocheza bwino, kapenanso chifukwa mitsinje iwiri inkakumanirapo. Mayina a malo ena amene lero anakula n'kukhala mizinda amachitirabe umboni zimenezi: dzina lakuti Oxford ku England limatanthauza powolokera ng'ombe, lakuti Innsbruck ku Austria limatanthauza mlatho wa pamtsinje wa Inn, ndipo lakuti Koblenz ku Germany linachokera ku mawu a Chilatini onena za kukumana kwa madzi, popeza mtsinje wa Moselle umathira mu Rhine pamalo amenewo. Choncho munthu amene ali ndi tsiku limodzi lokha loti aidziwe tauni yotereyi ayenera kulola kuti mtsinje ndiwo umutsogolere, chifukwa misewu, msika, nyumba zakale ndi ntchito za anthu zonse zinayalidwa motsatira madziwo. Malangizo ali m'munsimu akutsata tsikulo monga limayendera, kuyambira madzulo a dzulo lake mpaka pokwera galimoto yobwerera.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi ulendo

Yambani ndi mapu, ndipo muwayang'ane mofatsa musanawerenge zimene ena analemba zokhudza malo okongola a m'tauniyo. Pamapupo fufuzani kumene madzi akuchokera ndi kumene akulowera, muwerenge milatho ndi malo ena owolokera, kenako mupeze mbali imene misewu yake ndi yopapatiza, yokhotakhota ndiponso yothithikana, chifukwa kawirikawiri imeneyo ndiyo mbali yakale ya tauni. Mupezenso pamene basi kapena sitima idzakutsitseni, ndipo muyeze mtunda wochokera pamenepo kukafika kumtsinje. Masiteshoni a sitima ambiri anamangidwa tauni itakhazikika kale, motero amakhala chapatali ndi gombe kuposa mmene mlendo amaganizira.

Mukatero lembani njira yozungulira, yoti mupite ndi tsidya lino n'kubwerera ndi tsidya lina, kusiyana ndi kupita ndi kubwerera m'mapazi anu omwe. Ngati tauniyo ili ndi mlatho umodzi wokha, konzani zopita ndi gombe n'kubwerera ndi misewu ya m'kati. Munthu wamkulu wathanzi amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola pamalo athyathyathya, koma liwiro limeneli ndi la munthu amene akuthamangira kwinakwake. Amene akuima kuti awerenge chikwangwani, ayang'ane bwato likukocheza kapena acheze ndi munthu amayenda theka la mtunda umenewu, mwinanso osafika. Ine ndimaona kuti makilomita 6 mpaka 8 ndi okwanira tsiku lonse, ndipo amene akonza makilomita 15 amakhala wakonza mpikisano woyenda, osati ulendo wokaona malo.

Pali zinthu zitatu zimene muyenera kuzidziwa musanagone. Choyamba ndi nthawi imene basi kapena sitima yomaliza imanyamuka, pamodzi ndi nthawi ya imene imanyamuka yomalizayo isanafike, chifukwa imeneyi ndi imene mudzakonzekere kukwera. Chachiwiri ndi masiku amene malo otsegulidwa kwa alendo amakhala otseka: m'maiko ambiri nyumba zosungiramo zinthu zakale zimatseka Lolemba, ndipo m'matauni aang'ono mashopu ena amatseka masana kapena pa tsiku lopembedza. Chachitatu ndi nyengo, ndipo pano musangoyang'ana nyengo ya m'tauni mokha. Mvula imene yagwa kumapiri kumene mtsinje umachokera imatha kudzaza mtsinjewo patapita maola angapo kapena tsiku lathunthu, kumwamba kwa tauniyo kuli mbee.

Sungani mapu mufoni kuti muzitha kuwaona ngakhale popanda intaneti, mudzaze batire, ndipo muuze munthu mmodzi kumene mukupita ndi nthawi imene mukuyembekezera kubwerako.

Zonyamula

Apa sipafunika mawu ambiri. Valani nsapato zimene mapazi anu anazizolowera kale, zokhala ndi mapondero osaterera, chifukwa miyala ndi masitepe a m'mbali mwa madzi amamera ndere. Nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba ngakhale zikhale zokongola chotani. M'chikwama chakumsana muikemo botolo la madzi akumwa, chipewa, chovala chopepuka cha manja aatali, chodzitetezera kumvula, masokosi ena ouma, timapulasitala tomata pamatuza, mankhwala amene mumamwa nthawi zonse, chiphaso chanu, ndalama zing'onozing'ono zolipirira bwato kapena chimbudzi, kabuku ndi cholembera. Chikwamacho chikalemera moti mukuchimva pamapewa musanatuluke m'nyumba, tulutsanimo zina, chifukwa pofika masana chidzalemera kawiri.

Ola loyamba: pamlatho

Fikani m'mawa, dzuwa lisanatenthe ndiponso anthu a m'tauniyo akuyamba kumene ntchito zawo. Mukangotsika, pitani molunjika kumlatho wakale kwambiri, kapena kudoko ngati palibe mlatho, ndipo mukaime pamenepo kwa mphindi 15 kapena 20 osachita china chilichonse koma kuyang'ana. Gawo limeneli ndi limene alendo ambiri amalidumpha, koma ndi limene limapangitsa zonse zotsatira kukhala zomveka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mtsinje nawo suonetsa khalidwe lake kwa munthu wodutsa mothamanga.

Tsimikizani kaye kumene madzi akulowera poyang'ana tsamba kapena kamtengo koyandama, chifukwa pamtsinje waukulu wodekha mphepo imatha kukankhira timafunde kumtunda n'kukunamizani. Kenako tembenukirani kumunsi. Gombe limene lili kudzanja lanu lamanja ndilo limatchedwa gombe lakumanja m'mapu ndi m'mabuku, ndipo linalo ndi lakumanzere. Lamulo limeneli ndi lofanana kulikonse, ndipo mukalidziwa simudzasokonezeka wina akamakulozerani njira. Kuyambira nthawi imeneyi simungasochere kwenikweni, popeza msewu uliwonse wotsetsereka udzakubwezerani kumadzi, ndipo madziwo adzakuuzani mbali imene mwayang'ana.

Tsopano yang'anani pamene mtsinje ukukhota. Mbali ya kunja kwa pokhotapo madzi amathamanga kwambiri, amakhala akuya ndipo amakumba gombe, n'chifukwa chake mbali imeneyo imakhala yaphompho kapena yomangidwa ndi miyala. Mbali ya m'kati mwa pokhotapo madzi amayenda pang'onopang'ono n'kumasiya mchenga ndi matope, ndipo kumeneko n'kumene kumamera bango, kumatera mbalame ndiponso kumakhala minda. Mukaona zimenezi mudzamvetsa chifukwa chake nyumba zakale ndi malo opembedzera nthawi zambiri zili pagombe lokwera, pamene gombe lotsika lili ndi mabwalo amasewera, msipu kapena nyumba zomangidwa posachedwapa. Anthu akale ankadziwa pamene madzi osefukira amafika, ndipo zamtengo wapatali ankazimanga pamwamba pa malire amenewo.

Malirewo mukhoza kuwaona ndi maso anu. Yang'anani pazipilala za mlatho ndi pamakoma a nyumba zoyandikana ndi madzi ngati pali mizere yolembedwa zaka. Matauni ambiri a m'mbali mwa mitsinje amasunga mbiri ya madzi osefukira mwanjira imeneyi. Ku Passau m'dziko la Germany, kumene mitsinje ya Danube, Inn ndi Ilz imakumana, khoma la nyumba ya khonsolo lili ndi mizere yotereyi, ndipo ya chaka cha 1501 ndi cha 2013 ili pamwamba kwambiri moti munthu amachita kukweza mutu kuti aiwerenge. Kumene kulibe zolembedwa, mtsinje umalemba wokha: zinyalala ndi udzu wouma zokodwa m'nthambi za mitengo, kapena mzere wa matope pakhoma, zimasonyeza pamene madzi anafika ulendo wapitawu.

M'mawa: kulowera kumtunda

Mukachoka pamlatho, tsatani gombe kulowera kumene madzi akuchokera. Ndimalangiza kuyamba ndi kumtunda chifukwa m'matauni ambiri akale ntchito zofuna madzi oyera zinkachitikira kumeneko, pamene ntchito zodetsa madzi, monga kufufuta zikopa ndi kupha ziweto, zinkakankhidwira kumunsi. Mpaka lero mbali ya kumtunda imakonda kukhala yabata ndi yamitengo, yoyenera maola ozizira a m'mawa pamene mbalame za m'madzi zikusaka chakudya ndiponso asodzi akubwerera.

Ngati pali kanjira kosalala kotsatira madzi mosakhota kwambiri, n'kutheka kuti mukuyenda m'njira imene akavalo, ng'ombe kapena anthu ankadutsamo akukoka mabwato ndi zingwe, injini zisanabwere. Njira zoterezi n'zabwino kwa woyenda wapansi chifukwa zilibe zitunda. Poyendapo, maso anu azifufuza zizindikiro za ntchito imene mtsinjewo unkagwira. Mphete zachitsulo zokhomedwa pakhoma kapena zitsa zamiyala zinali zomangirirapo mabwato. Masitepe otsikira kumadzi amene anaperepeseka pakati amasonyeza pamene anthu ankatunga madzi, kuchapa kapena kutsitsa katundu kwa zaka zambiri. Nyumba yaitali yokhala ndi zitseko zazikulu m'mwamba, ndi mtanda wotulukira kunja pansi pa denga, inali nkhokwe ya malonda, ndipo katundu ankamukwezera m'mwambamo ndi chingwe. Khoma lalifupi lodutsa mtsinje, lokhala ndi ngalande yopatuka pambali pake, limasonyeza kuti panali chigayo choyendera madzi, ngakhale nyumba yake itagwa kalekale.

Mukaona zinthu zimenezi, funso lofunika kudzifunsa ndi lakuti: n'chiyani chinathetsa ntchito imeneyi? Kwa matauni ambiri yankho ndi njanji, imene m'zaka za m'ma 1800 inalanda mitsinje katundu wambiri, kenako misewu ya magalimoto. Kwa ena yankho ndi mtsinje womwewo. Tauni ya Hoi An ku Vietnam inali doko lotchuka la malonda, koma mtsinje wa Thu Bon utadzaza mchenga zombo zikuluzikulu zinaleka kufikako ndipo malonda anasamukira ku Da Nang. Chifukwa choiwalika chotero, nyumba zake zakale sizinagwetsedwe, ndipo mu 1999 bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pansi pa United Nations, linaika tauniyo pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Zimenezi zimachitika m'malo ambiri, ndipo n'zothandiza kuzikumbukira: nyumba zokongola zimene mlendo amazisirira nthawi zambiri zinapulumuka chifukwa ndalama zinachoka m'tauniyo, ndipo anthu okhalamo akhoza kuziona mosiyana ndi mmene inu mukuzionera.

Pitirizani mpaka nyumba zitayamba kutalikirana, kapena mpaka patatha ola limodzi ndi theka chichokereni pamlatho, chilichonse chimene chayamba kuchitika. Pamenepo khalani pansi, mumwe madzi, ndipo mutembenuke.

Kuwoloka

Ngati pali mlatho wachiwiri kapena bwato lowolotsa anthu, wolokani, chifukwa tauni ya m'mbali mwa mtsinje imaoneka bwino kwambiri munthu ali tsidya lina, pamene nyumba zake zonse zimaonekera pamodzi kuchokera kugombe mpaka pamwamba pa chitunda. Musanakwere bwato, funsani nthawi ya ulendo womaliza wobwerera ndi mtengo wake, ndipo muyang'ane ngati muli majekete oyandamitsa munthu okwanira onse okwera. Bwato limene ladzaza moti m'mphepete mwake mwayandikira madzi lisiyeni lipite, mudikire lina kapena musinthe njira. Mukakwera, khalani pamene woyendetsa wakuuzani, ndipo musaimirire kuti mujambule chithunzi bwato likuyenda.

Dziwaninso kuti mitsinje yambiri ndi malire a maiko. Ngati wanuwo ndi wotero, tsidya linalo ndi dziko lina, kuwoloka nthawi zambiri kumafuna pasipoti, ndipo m'maiko ena kujambula mlatho, damu kapena malo a asilikali n'koletsedwa. Funsani musanatulutse kamera.

Chakumasana: kulowa m'kati mwa tauni

Dzuwa likayamba kukwera, chokani kugombe, kumene mthunzi umakhala wochepa ndipo madzi amabweza kuwala kumaso, mulowe m'misewu. Sankhani msewu wochokera kudoko lakale kapena kumlatho wakale kukwera kumtunda, popeza umenewu ndiwo katundu ankadutsamo, ndipo pafupifupi nthawi zonse umakafika kumsika kapena pabwalo lalikulu. Yendani mbali ya mthunzi, ndipo muzikweza maso pamwamba pa mashopu, chifukwa pansi pamasinthidwa kawirikawiri pamene m'mwamba mumatsala mawindo akale, zaka zolembedwa pakhoma ndi mayina ofufutika a malonda amene anatha.

Pamalo amene alendo amalowa, sankhani awiri okha. Nyumba yaing'ono yosungiramo zinthu zakale ndi yoyenera kukhala imodzi mwa awiriwo ngati ilipo, makamaka chifukwa cha zithunzi zakale za gombe limene mwangoyendapo kumene: mudzazindikira masitepe ndi makoma omwewo, ali ndi mabwato ndi anthu amene kulibenso. Achiwiri akhoza kukhala malo opembedzera akale kapena msika. Polowa m'malo opembedzera, yang'anani zimene eni ake akuchita pankhani ya kavalidwe, nsapato ndi chipewa, ndipo muchite zomwezo. Ngati mapemphero ali m'kati, dikirani panja kapena mubwerenso nthawi ina.

Chimene chimapindulitsa kuposa malo onsewa ndi kucheza ndi anthu, ndipo chimafuna luso pang'ono. Perekani moni kaye, m'chinenero cha kumaloko ngati mungathe ngakhale mawu awiri okha, ndipo musasokoneze munthu amene ali pakati pa ntchito yolemetsa kapena akugulitsa. Funso lakuti n'chiyani chosangalatsa kuno silibweretsa yankho lothandiza, chifukwa munthu amene anabadwira pamalo saona zachilendo pamenepo. Funsani zinthu zenizeni zimene mwaona: madzi osefukira omaliza anafika pati, nyumba yaikulu ya pafupi ndi doko inali ya ntchito yanji, mlatho usanamangidwe anthu ankawolokera pati, ndi miyezi iti imene mtsinje umaphwa kwambiri. Pafupifupi munthu aliyense wachikulire wa m'tauni yotereyi ali ndi nkhani ya madzi osefukira, ndipo akayamba kuikamba mumamva zambiri zimene sizinalembedwe pachikwangwani chilichonse. Mvetserani mpaka amalize. Ngati mukufuna kumujambula, pemphani, ndipo akakana thokozani n'kupitiriza ulendo. Anthu amene akusamba kapena kuchapa kumtsinje, komanso ana a eni, musawajambule.

Kupuma

Mthunzi wanu ukafupika kuposa msinkhu wanu, dzuwa lafika poopsa pakhungu, ndipo imeneyo ndi nthawi yokhala pansi. Pezani malo odyera amene anthu a m'tauniyo akudyapo okha, ngakhale atakhala kuti sakuyang'ana kumadzi, chifukwa malo a pagombe penipeni nthawi zambiri amalipiritsa maonekedwe a mtsinje kuposa chakudya. Sankhani chakudya chophikidwa kumene, chotentha, ndipo mudzazenso botolo lanu ndi madzi abwino. Madzi a mumtsinje musamwe ngakhale aoneke oyera chotani, popeza simudziwa chimene chathiridwamo kumtunda.

Pumani ola lathunthu kapena kuposerapo. Vulani nsapato ngati malowo akulola, muyang'ane mapazi, ndipo pamene pafiira kapena pakutentha mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke. Sinthani masokosi ngati anyowa ndi thukuta. Nthawi imeneyi ndi yabwinonso kulemba m'kabuku mayina a misewu ndi zimene anthu akuuzani, zisanasakanikirane m'mutu.

Za chitetezo pafupi ndi madzi

Ndaika nkhaniyi pano chifukwa masana ndi pamene munthu wotopa ndi kutentha amakopeka kuti atsikire kumadzi. Mtsinje wachilendo musausambe kapena kuuwoloka wapansi pokhapokha pamalo amene anakonzedwera zimenezo ndipo eni malo akukutsimikizirani. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha akhoza kugwetsa munthu wamkulu. Gombe la kunja kwa pamene mtsinje wakhota limakhala lokumbika pansi, moti udzu umene ukuoneka wolimba umakhala ukulendewera pamwamba pa madzi akuya. Imani mamita angapo kuchokera m'mphepete. Kumunsi kwa khoma lodutsa mtsinje, ngakhale lalifupi, madzi amazungulira n'kumabwezera chilichonse kukhomalo, ndipo ngakhale odziwa kusambira amalephera kutulukamo. Ngati kumtunda kuli damu, madzi akhoza kukwera mwadzidzidzi zitseko zake zikatsegulidwa, choncho musakhale pachilumba cha mchenga kapena pamiyala ya pakati pa mtsinje, ndipo mukamva sairini kapena kuona madzi akusintha mtundu n'kuyamba kunyamula zinyalala, kwerani pamalo okwera kutali ndi madzi nthawi yomweyo.

Zoopsa zina zimadalira dera limene muli. M'maiko otentha mitsinje ina ili ndi ng'ona kapena mvuu, ndipo m'madzi odekha okhala ndi nkhono mumapezeka tizilombo ta likodzo, timene timalowa kudzera pakhungu ngakhale munthu atangoviika mapazi. M'maiko ozizira madzi amakhalabe ozizira kwambiri ngakhale tsiku lotentha, ndipo munthu akagweramo mwadzidzidzi amabanika n'kulephera kupuma bwino m'mphindi yoyamba. Pa zonsezi, funsani msodzi kapena woyendetsa bwato, ndipo muchite zimene wanena.

Kukayamba kuchita ziphaliwali, werengani masekondi kuchokera pamene mwaona kuwala mpaka pamene mwamva bingu. Masekondi 3 alionse ndi mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Komabe mukangomva bingu ndiye kuti muli kale pamene mphenzi ingafike, choncho chokani pamlatho, pagombe ndi pansi pa mtengo woima paokha, mulowe m'nyumba yolimba, ndipo mudikire mphindi 30 chimvereni bingu lomaliza. Ngati muli ndi ana, aziyenda mbali ya kumtunda kwa njira, inu muli pakati pa iwo ndi madzi.

Masana: pamalo okwera, kenako kumunsi

Dzuwa likapendeka, kwerani pamalo okwera kwambiri amene mungafikepo wapansi mosavutika, kaya ndi chitunda, nsanja kapena msewu wa pamwamba pa tauni. Ndi bwino kukwera masana osati m'mawa, chifukwa tsopano mukuyang'ana malo amene mapazi anu awaponda kale ndipo mukhoza kulondola njira yanu yonse ndi chala. Ku Luang Prabang m'dziko la Laos, anthu amakwera chitunda cha Phou Si chimene chili pakati pa tauni, ndipo ali pamwamba amaona mmene tauni yakaleyo inakhalira pakamtunda kopapatiza pakati pa mtsinje wa Mekong ndi wa Nam Khan. Tauni iliyonse ya m'mbali mwa mtsinje ili ndi malo ake otere, ngakhale atakhala otsika. Muli pamenepo, yang'anani madambo okhota ngati chikwakwa kapena mizere ya mitengo yopindika m'chigwa, chifukwa zimenezo n'zotsalira za njira zimene mtsinje unkadutsamo kale usanasinthe.

Mukatsika, lowerani kumunsi kwa mlatho, mbali imene simunaione m'mawa. Kumeneku n'kumene kumakhala ntchito za masiku ano: okonza mabwato, osoka maukonde, okumba mchenga, mafakitale aang'ono ndi malo oyeretsera madzi oipa. Sikukhala kokongola ngati kumtunda, koma amene wangoona mbali yokongola yokha amabwerako ndi chithunzi cha tauni imene kulibe. Lemekezani mipanda ndi zikwangwani zoletsa kulowa, ndipo musaponde maukonde oyanikidwa kapena kukhala pabwato la mwini popanda kupempha. Ngati mtsinje wina umathira chakumeneko, pitani mukaone pokumanira pake. Nthawi zambiri madzi awiriwo amayenda moyandikana mtunda ndithu osasakanikirana, ena oderapo ena oyererapo, chifukwa amasiyana liwiro, kutentha ndi kuchuluka kwa dothi limene anyamula.

M'gawo limeneli la tsiku siyani ola limodzi lopanda chokonza. Mwina munthu wina m'mawa anakutchulirani kanjira kena, mwina munadutsa benchi yapamthunzi imene munailakalaka, mwinanso miyendo yatopa ndipo mukungofuna kukhala n'kumaonera mabwato. Chilichonse mwa zimenezi n'choyenera ola limenelo, ndipo musalidzaze ndi malo achitatu olowamo pongofuna kuti mndandanda ukwane.

Madzulo: kubwerera pamlatho womwe uja

Kutatsala pafupifupi ola kuti dzuwa lilowe, bwererani pamene munaima m'mawa. Valani chovala cha manja aatali chija, chifukwa mphepo ya pamadzi imazizira msanga ndipo udzudzu umatuluka nthawi imeneyi; kumadera kumene kuli malungo dzolaninso mankhwala othamangitsa udzudzu. Imani mbali yomweyo ya mlatho, ndipo muyerekeze ndi zimene munaona m'mawa. Onani ngati madzi akwera kapena atsika pachipilala, popeza pamtsinje umene uli pafupi ndi nyanja yaikulu yamchere kusiyana kwake kumakhala kwakukulu, ndipo nthawi zina madzi amabwerera chakumtunda. Onani mabwato amene achoka ndi amene abwera, ndi anthu amene tsopano akuwoloka kulowera mbali imene m'mawa ankachokera. Nyumba zimene m'mawa zinali makoma chabe tsopano mukudziwa ntchito zake ndi pamene madzi anazifika.

Musadikire mdima muli pagombe, chifukwa tinjira ta m'mbali mwa madzi nthawi zambiri tilibe magetsi ndipo m'mphepete simuoneka. Nyamulani zinyalala zanu zonse, makamaka mabotolo ndi mapepala apulasitiki, popeza chilichonse chosiyidwa pagombe mvula yotsatira imachikokolorera mumtsinje. Yerekezani nthawi yoyenda kukafika kusiteshoni potengera miyendo yotopa, osati ya m'mawa ija, muwonjezerepo mphindi 20, ndipo munyamuke kuti mukakwere basi kapena sitima imene imanyamuka yomaliza isanafike. Mukakhala pampando, tumizani uthenga kwa munthu amene munamuuza za ulendowu kuti mwanyamuka, kenako tulutsani kabuku kaja mulembe mayina a misewu iwiri kapena itatu imene munaidutsa osailowa, pamodzi ndi mwezi umene anthu anakuuzani kuti mtsinjewo umakhala wodzaza kwambiri.